Za Magalimoto: BMW yotchipa ija ndi sulufule wa m'petulo

Mwezi uno funso limodzi labwera katatu, kuchokera kwa anthu osadziwana. Woyamba ndi wophunzira amene watsala pang'ono kumaliza maphunziro, ndipo akufuna kubwerera kumudzi ndi galimoto yoti anthu akaiona adziwe kuti ku Mangalande sadapite kukasewera. Wachiwiri ndi mayi wogwira ntchito yosamalira okalamba amene akufuna kugulira mlongo wake galimoto. Wachitatu sadanene cholinga chake. Onsewa aona BMW 325i kapena 330i ya pakati pa 2008 ndi 2011 ikugulitsidwa pa mtengo woti munthu akhoza kusonkhanitsa ndi mashifiti a miyezi ingapo, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kuikweza sitima kuti ikatsikire ku Dar es Salaam kapena ku Walvis Bay, kenako n'kulowa nayo pa Songwe kapena pa Mchinji.

Abale anga, musanayang'ane mipando yachikopa ndi marimu, funsani kaye dzina la injini. Ikakhala N53, kapena mng'ono wake wa masilinda anayi wotchedwa N43 amene ali mu 318i ndi 320i za zaka zomwezo, musafulumire kulipira. Galimotoyo si yoipa ayi. Nkhani ndi yakuti idapangidwira petulo wa kuno, ndipo chimene chimasiyanitsa petulo wa kuno ndi wa mayiko ena ambiri ndi kanthu kosaoneka ndi maso, kamene pa pampu ya petulo sikalembedwa n'komwe. Dzina lake ndi sulufule. Ambiri a ife mawuwa tidayamba kuwamva kutchalitchi pa nkhani ya Sodomu ndi Gomora, koma ku galaja nakonso ali ndi mbiri yake.

Tiyambe ndi m'mene mafuta amalowera mu injini. Magalimoto ambiri amene tidawazolowera, aja adabwera pambuyo pa a kabuleta, amathira petulo m'kanjira ka mpweya, kunja kwa silinda, kuseri kwa valavu. Petulo ndi mpweya zimakumana pakhomo, ndipo valavu ikatseguka zimalowera limodzi. Injini ya direct injection simatero. Mpweya umalowa wokha, ndipo petulo amapoperedwa m'kati mwenimweni mwa silinda, pamwamba pa pisitoni, monga zimakhalira mu injini ya dizilo. Kuti petulo alowe m'malo otero ali wosalala ngati nkhungu, pamafunika mphamvu yaikulu zedi. Injini yakale imakankha petulo ndi mphamvu ya bar 3 kapena 4, kuposa pang'ono mpweya wa m'tayala. Ya direct injection imafika bar 200, ndipo zina zatsopano zimafika 350.

Nanga phindu lake n'chiyani? Petulo akamasanduka nthunzi m'kati mwa silinda amaziziritsa mpweya, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi ukamatuluka thukuta. Mpweya wozizira ungathe kupanikizidwa kwambiri popanda injini kuyamba kugogoda. Apa ndi pamene opanga magalimoto othamanga adapezapo mwayi, chifukwa adatha kuphatikiza turbo ndi kupanikiza kwakukulu, n'kutulutsa mphamvu zambiri pa mafuta ochepa. Nzeruyi si yadzulo. Mercedes-Benz 300SL ya 1954 idali nayo kale. Koma amene adaibweretsa kwa anthu wamba ndi a Mitsubishi, mu 1996, pa Galant yokhala ndi injini imene adaitcha GDI. Chaka chomwecho a Toyota adatulutsa yawo yotchedwa D-4. Mu 2001 Audi idapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ndi injini ya FSI, ndipo posakhalitsa nzeru yomweyo idalowa mu Golf GTI imene idatuluka kumapeto kwa 2004. Mu 2006 BMW idatulutsa 335i ya injini ya N54, ya malita atatu ndi ma turbo awiri, yotulutsa horsepower pafupifupi 300.

Tsono apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ngakhale amakaniko ena. Mainjini a direct injection ali m'magulu awiri, ndipo sulufule sawavutitsa mofanana.

Petulo amapsa bwinobwino akasakanizidwa ndi mpweya pa muyeso wa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyerekeza kulemera kwake. Gulu loyamba limasunga muyeso umenewu pafupifupi nthawi zonse. Golf GTI ili m'gulu limeneli, 335i nayonso. Utsi wake umayeretsedwa ndi catalytic converter wamba, chija amakaniko amangoti cat, chimene chili m'galimoto iliyonse ya petulo ya masiku ano.

Gulu lachiwiri ndi la mainjini oumira. Galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, kapena ikakhala pa liwiro limodzi, injini yotere imadikira mpaka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, kenako n'kulavula kapetulo kochepa pafupi ndi pulagi penipeni. Kamtambo kameneko ndiko kamayaka, pomwe mbali yotsala ya silinda muli mpweya wokhawokha. Mitsubishi GDI inkafika magawo 40 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Mafuta amapulumuka ndithu. Koma moto woyaka mu mpweya wochuluka chotere umatulutsa utsi woipa wotchedwa NOx, umene umapweteka mapapo, ndipo cat wamba satha kuuyeretsa pamene mu ekizozi muli okosijeni wambiri. N'chifukwa chake mainjini amenewa ali ndi cat wachiwiri, amene ntchito yake ndi kugwira NOx n'kumusunga. M'kati mwake mudapakidwa mankhwala a barium. Barium amayamwa NOx ngati siponji, ndipo akakhuta, kompyuta ya galimoto imawonjezera petulo kwa masekondi ochepa kuti NOx uja asanduke nayitirojeni wopanda vuto. Zimenezi zimachitika mobwerezabwereza mukuyendetsa, inu osadziwa kanthu. N53 ndi N43 zili m'gulu limeneli.

Sulufule amalowa pamenepa. Iye amachokera m'mafuta osayengeka ochokera pansi pa nthaka, ndipo kumuchotsa ndi ntchito yodula imene imafuna makina apadera ku fakitale yoyengera mafuta. Amayezedwa ndi ppm, kutanthauza magawo angati pa magawo miliyoni imodzi. Kuti zimveke, thanki ya malita 50 imanyamula petulo wolemera makilogalamu pafupifupi 37. Petuloyo akakhala wa 10 ppm, m'thanki yonseyo muli sulufule wosakwana theka la galamu. Akakhala wa 150 ppm muli magalamu opitirira asanu, ndipo wa 500 ppm ali ndi magalamu pafupifupi 19. Wina anganene kuti magalamu 19 ndi chiyani, si masipuni ochepa chabe? Inde, koma ndi pa thanki iliyonse, sabata ndi sabata, ndipo onsewo amadutsa mu cat.

Sulufule akapsa amasanduka mpweya umene barium amaukonda kuposa NOx. Akaugwira sausiya. Masekondi ochepa aja amene amachotsa NOx sakwanira kuchotsa sulufule. Ali ngati mlendo amene wabwera kudzagona usiku umodzi, mwezi n'kutha akadali pa mphasa yomweyo, ana a pakhomo akusowa pogona. Pang'onopang'ono malo onse osungira NOx amadzaza. Kuti sulufule achoke, cat ayenera kutentha kupitirira madigiri 600 kwa mphindi zingapo, injini ikumwa petulo wowonjezera. Kuno zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo, munthu akakwera M1 ya ku Leeds kapena M6, chifukwa sulufule ndi wochepa ndipo amatenga nthawi yaitali kuti adzaze. Petulo akakhala ndi sulufule wochuluka kakhumi kapena kuposa apo, kompyuta imayenera kuyesa kuwotcha cat pafupipafupi. Ndiye taganizirani galimoto imene moyo wake wonse ndi kuchoka ku Chilobwe kupita ku Ginnery Corner, kapena kukwawa pa mdipiti wa m'mawa kuchoka ku Area 25 kulowa m'tauni. Cat wake safika pa kutentha koteroko.

Zotsatira zake zimabwera motsatizana. Poyamba galimoto imayamba kumwa mafuta kuposa kale, chifukwa ikulimbana ndi kudziyeretsa. Kenako kompyuta ikaona kuti cat sakusunganso NOx, imaletsa kaumiridwe kaja, injini n'kumayenda ngati ya gulu loyamba, ndipo phindu limene mudaigulira latha. Kanyali kachikasu ka injini kamayaka. NOx sensor, imene ili kumbuyo kwa cat, nayo imafooka, ndipo si chinthu choti mungachipeze mosavuta pa msika wa zipangizo zakale. Nthawi zina mumamva fungo la mazira owola kumbuyo kwa galimoto, makamaka mukangoponda moto pokwera phiri. Ameneyo ndi sulufule akutuluka mu cat.

Izi si nkhambakamwa za ku galaja. Umboni waukulu ndi zimene eni ake adachita. BMW sidagulitse injini ya N53 ku America ndi ku Australia, ndipo chifukwa chake chidali sulufule wa m'petulo wa kumeneko. Mayiko amenewo adapitiriza kulandira injini yakale ya N52, imene imathira petulo kuseri kwa valavu. Tangoganizani, America ndi chuma chake chonse adamanidwa injiniyi. Mercedes-Benz nayo idachita chimodzimodzi ndi mainjini ake a V6 a direct injection: ku Ulaya ankayenda moumira, koma otumizidwa ku America adakonzedwa kuti asatero. Mitsubishi itabweretsa GDI ku Ulaya mu 1997, pa Carisma, idakumana ndi petulo amene nthawi imeneyo ankaloledwa kufika 500 ppm, pomwe ku Japan malire adali 100 ppm, ndipo kupulumutsa mafuta kumene anthu adalonjezedwa sikudaoneke mokwanira. Volkswagen idayamba ndi FSI youmira mu 2000 pa kagalimoto ka Lupo, koma patapita zaka zochepa idasiya kaumiridweko. BMW yomwe, itasiya N53, idapita ku mainjini a turbo a gulu loyamba amene ingathe kugulitsa dziko lililonse.

Akuluakulu amene adafika kuno m'zaka za m'ma 1990 akumbukira nkhani ina. Nthawi imeneyo masilinda a mainjini ena a BMW, monga V8 ya M60 ndi M52 ya masilinda asanu ndi limodzi, ankakutidwa ndi chitsulo chotchedwa Nikasil. Jaguar nayo idachigwiritsa ntchito pa XK8 ndi XJ8 zoyambirira. Sulufule wa m'petulo wa masiku amenewo, akakumana ndi chinyezi mu injini yozizira, ankapanga asidi amene ankadya chikutiro chija mpaka injini kumakanika kulira m'mawa. Mainjini ambiri adasinthidwa, ndipo makampani onse awiri adasiya Nikasil pa mainjini amenewo. Sadali a direct injection, koma ndaitchula kuti muone kuti sulufule adagwetsapo kale injini zodula pa misewu ya Mangalande yomwe ino.

Kuyambira pamenepo mayiko olemera adayamba kumuthamangitsa. Ku Ulaya malire a petulo adatsika kufika 150 ppm mu 2000, 50 ppm mu 2005, ndi 10 ppm mu 2009, ndipo dizilo naye adafika pa 10 chaka chomwecho. Japan idafika pa petulo wa 10 ppm mu 2005 mwa kufuna kwa makampani a mafuta, lamulo n'kutsatira mu 2008. America idakhala pa 30 ppm kwa zaka pafupifupi khumi, ndipo idatsikira pa 10 kuyambira 2017. Mukayang'ana zaka zimenezi muona kuti N53 idabadwa pa nthawi yeniyeni imene petulo wa 10 ppm ankafalikira ku Ulaya. Idasokedwa pa thupi la petulo ameneyo.

Kwathu zinthu zikusintha, koma mochedwerapo. Petulo wa mtovu adathetsedwa m'mayiko a kumwera kwa Sahara pofika kumayambiriro kwa 2006. Mayiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Tanzania ndi Kenya, adagwirizana pa dizilo wa 50 ppm ndi petulo wa 150 ppm kuyambira January 2015. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe adasamukira ku dizilo wa 50 ppm mu 2017. Kumeneku ndi kupita patsogolo kwenikweni, ndipo aliyense amene akukumbukira utsi wa maminibasi a ku Limbe m'zaka za m'ma 1990 avomereza. Koma 50 si 10, ndipo 150 ndiye ali kutali. Malawi alibe fakitale yoyengera mafuta. Mafuta athu amabwera pa sitima zapamadzi kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo petulo amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Amene ali ndi udindo pa muyeso wa mafuta ndi MERA ndi Malawi Bureau of Standards. Wofuna kutumiza galimoto ya injini youmira atume m'bale akafunse kumeneko malire a sulufule wa m'petulo, ndipo nambala imene injiniyo ikufuna kumva ndi 10.

Ndiye pali nkhani ija tonse timaidziwa. Mafuta akasowa, mizere ikatalika pa malo omwetsera, munthu amathamangira kwa mavenda a zigubu. Za m'chigubu palibe amene adaziyeza. Mwina ndi petulo wabwinobwino, mwina wathiridwa palafini, mwina chigubucho dzulo chidali ndi dizilo kapena madzi. Corolla yakale imatsokomola n'kupitiriza ulendo. Injector ya direct injection ili ndi timipata tating'ono kwambiri, ndipo pampu yake imadalira petulo woyera. Ya N53 ndi yamtundu wa piezo, ilipo imodzi pa silinda iliyonse, ndipo mukasintha imafunika kuilembetsa mu kompyuta ya galimoto ndi makina. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, ngakhale ali ndi luso lotani m'manja, popanda makinawo palibe chimene angachite.

Komabe tisamunamizire sulufule milandu yonse. Kumudzi, injini ya direct injection ikangovuta, anthu amati ndi mafuta a kuno. Nthawi zambiri si choncho.

Vuto lodziwika kwambiri la mainjini amenewa ndi mwaye umene umaunjikana kuseri kwa mavalavu olowetsa mpweya. Mu injini yakale petulo amadutsa pa valavu nthawi zonse, n'kumaitsuka. Mu direct injection petulo sadutsapo. Nthunzi ya oyilo yochokera pansi pa injini imamatirira pa valavu yotentha, n'kuuma ngati makala a pansi pa poto. Pakapita zaka mpweya umalowa movutikira, injini imanjenjemera ikangolizidwa m'mawa, mphamvu imachepa. Zimenezi zimachitika ku Birmingham monga zimachitikira ku Mzuzu, pa petulo wa 10 ppm yemweyo. Mankhwala othira m'thanki sathandiza, pakuti safika pamalopo. Chofunika n'kutsegula n'kupala, ndipo kuno amagwiritsa ntchito makoko a mtedza wa walnut opera, owaza ndi mpweya wamphamvu. Galimoto yotere ndi bwino kuipalitsa kuno isanakwere sitima. A Toyota vutoli adalizemba mu 2005 ndi D-4S, imene ili ndi ma injector a mitundu yonse iwiri, ena m'silinda ena kuseri kwa valavu. Ndiyo ili mu Lexus IS 350 ndi Toyota GT86. Mbiri yoipa imene D-4 yakale ndi Pajero iO ya GDI zidapeza pakati pa amakaniko a kwathu idachokera ku zinthu zingapo pamodzi: mwaye, mapampu otopa a magalimoto amene adayenda kale mtunda wautali ku Japan, mapulagi olakwika, mafuta, ndi kusowa kwa makina oyezera.

Pampu ya 335i nayo ndi chitsanzo. Mu 2010 BMW idaitanitsa magalimoto pafupifupi 130,000 a injini ya N54 ku America chifukwa cha pampu ya petulo imene inkafa msanga. Pampuyo idakonzedwanso ndi kampani, ndipo wogula 335i afunse ngati idasinthidwa.

China chimene chimasokoneza anthu ndi nambala ya pa pampu. 95, 97 kapena 99 ndi octane, muyeso wa m'mene petulo amapiririra kupanikizidwa asanaphulike yekha. Sikukhudzana ndi sulufule. Petulo angathe kukhala wa octane yapamwamba koma wodzaza ndi sulufule, ndipo kabotolo ka octane booster sikachotsa sulufule ngakhale pang'ono. Palibe mankhwala a m'botolo amene amamuchotsa. Amachotsedwa ku fakitale basi. E10 amene adayamba kuno mu September 2021 ndi nkhani inanso, ya kuchuluka kwa ethanol.

Nanga GTI ndi 335i, za gulu loyamba lija, zilibe vuto ndi sulufule? Zili nalo, koma locheperako, ndipo limachedwa. Sulufule amafooketsa cat wamba ndi ma sensor a okosijeni, ngakhale kuti cat wamba amachira ndithu akapatsidwa petulo woyera ndi ulendo wautali. Pamene pafunika maso ndi pa oyilo. Mu injini ya direct injection petulo wina amatsetsereka m'mbali mwa silinda n'kugwera mu oyilo, makamaka pa maulendo aafupi injini isanatenthe. Pamodzi ndi petuloyo pamapita chinyezi ndi utsi wa sulufule, ndipo zikakumana zimapanga asidi. Oyilo ali ndi mankhwala olimbana ndi asidi, koma amatha. Kompyuta ya BMW kuno imalola munthu kuyenda mailosi opitirira 15,000 asanasinthe oyilo, chifukwa ikuwerengera petulo wa kuno. Ikafika ku Lilongwe siidziwa kuti yasamuka. Ipitiriza kuwerenga chimodzimodzi, ndipo m'bale wanu, poona kuti galimoto sidapemphe oyilo, adzangokhala. Muuzeni asinthe pa theka la mtunda umenewo, kapenanso kucheperapo ngati ndi ya m'tauni mokhamokha.

Mtundu wa oyilo nawo ndi wofunika. Kuno magalaja ambiri amathira wa muyeso wa BMW Longlife-04, amene adachepetsedwa mankhwala ena kuti asatseke zosefera utsi. BMW yomwe idalangiza kuti oyilo ameneyu asagwiritsidwe ntchito mu injini za petulo kunja kwa Ulaya, kaamba ka kusiyana kwa mafuta, ndipo m'malo mwake athire Longlife-01. Choncho amene mumakonda kulongedza zigubu za oyilo m'buti ngati mphatso, werengani kaye chimene chalembedwa kumbuyo kwa chigubucho.

Za dizilo ndingodutsapo. Injini za dizilo za masiku ano zonse ndi za direct injection, ndipo chiyambire kukulitsidwa kwa ULEZ ku London mu August 2023, madizilo ambiri opangidwa isanafike 2015 sakulowanso mumzindawo mwaulere, motero amakopa ofuna kutumiza kumudzi. Ambiri mwa iwo ali ndi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi, imene nayo imafuna mafuta oyera ndi maulendo ataliatali kuti idziwotche. Dizilo wa 50 ppm imapirira naye, koma moyo wa m'tauni wokhawokha ndiwo umaitseka. Ya munthu woyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe sabata iliyonse ikhala bwino kuposa ya munthu wongoperekeza ana ku sukulu.

Ndikudziwa chimene ena akuganiza: tikachotse cat ndi DPF, tikanamize kompyuta, nkhani yatha. Kuno galimoto yochotsedwa DPF imalephera MOT kuyambira 2014, ndipo kuyenda nayo pa msewu ndi mlandu. Kumudzi mwina palibe amene adzakuimitseni. Koma utsi umenewo ukapuma ndi mayi wogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu, ndi mwana amene wam'bereka kumbuyo, ndi wakabaza amene ali pambuyo panu pa mdipiti. Ine sindingalangize munthu kugula galimoto imene njira yokha yoti ikakhalire kumudzi ndi kuithyola chiwalo. Ndiponso kunamiza kompyuta kukachitika mosadziwa, injini imayamba kumwa mafuta mosalekeza, ndipo ndalama zimene mumati mwapulumutsa zimathera pa pampu.

Kwa ofunsa atatu aja, maganizo anga ndi awa. Ngati mtima wakakamira pa BMW 3 Series ya mtundu umenewo, funani 325i kapena 330i yopangidwa pakati pa 2005 ndi chapakati pa 2007, imene ili ndi N52. Maonekedwe ndi pafupifupi omwewo, kulira kwake n'kokoma chimodzimodzi, ndipo ndi injini imene BMW yomwe idasankhira mayiko a petulo wa sulufule wambiri. Pa za masilinda anayi, N46 ndiyo ya mtundu wakale, N43 ndiyo youmira. Musadalire chaka cha pa nambala, chifukwa galimoto ikhoza kupangidwa chaka china n'kulembetsedwa chaka chotsatira. Tengani VIN imene ili pa V5C ndi pansi pa galasi la kutsogolo, muiyang'ane pa intaneti kapena muimbire wogulitsa zipangizo za BMW, akuuzani dzina la injini. Wogulitsa galimoto akamazemba kukupatsani VIN, mwadziwa kale. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mtengo wotsika wa magalimoto amenewa uli ndi chifukwa chake: eni ake kuno akudziwa mtengo wa ma injector asanu ndi imodzi ndi NOx sensor. Kumbukiraninso kuti galimoto yakale imalipitsidwa msonkho wokwera ikafika m'manja mwa MRA, ndipo injini ikakula msonkho umakulanso. Muwerengere zonse pamodzi musanasankhe.

Kwa mayi amene akugulira mlongo wake ndili ndi funso limodzi: akadzayaka kanyali kachikasu, adzalipira ndani? Ngati yankho ndi inu nomwe, ndi mapaundi a mashifiti ausiku, ndiye kuti muli ndi ufulu wonse wosankha galimoto imene makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi angaitsegule popanda kuimba foni ku Mangalande. Mlongo wanuyo akhumudwa sabata imodzi.

Kalatayi imafikanso kwa abale athu a ku Joni, ndipo iwo nkhani yawo ndi yosiyana pang'ono. South Africa idachotsa mtovu m'petulo mu 2006 ndi kuika malire a sulufule pa 500 ppm, pamodzi ndi dizilo wina wa 50 ppm wogulitsidwa pambali. Gawo lachiwiri, lotchedwa Clean Fuels 2, lofuna kufika pa 10 ppm, lidayenera kuyamba mu 2017, koma lidasunthidwa kangapo chifukwa cha mkangano wa amene alipire kukonzanso mafakitale, ndipo tsiku limene lidaikidwa pambuyo pake ndi July 2027. Pakatipa fakitale ya Engen ku Durban idatsekedwa utabuka moto mu December 2020, ndipo ya Sapref idaima mu 2022, kotero mafuta ambiri a dzikolo tsopano amachokera kunja. Ubwino wake kwa inu a kumeneko ndi wakuti galimoto yogulitsidwa yatsopano ku South Africa idasankhidwa ndi kampani poganizira mafuta a chigawo chathu. GTI yogulidwa ku Johannesburg ili pafupi ndi moyo wa ku Malawi kuposa 330i yogulidwa ku Luton. Opita kumudzi pa Khirisimasi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, mwetsani pa malo odziwika, dzazani thanki musanalowe m'madera amene mafuta amasowa, ndipo mukabwerera sinthani oyilo osadikira kuti kompyuta ikuuzeni.

Amene ali ndi VIN m'manja ndipo sakudziwa poyang'ana, abwere nayo ku msonkhano wa bungwe ukubwerawu, tidzayang'anire limodzi ikatha nkhani ya zopereka za maliro. M'kope lotsatira tidzakamba za ma gearbox a DSG ndi zimene fumbi ndi kutentha kwa ku Chigwa cha Shire zimawachita.